Usiku umene Vim inakana kusunga fayilo yanga

Nthawi inali itadutsa kale 11 koloko usiku pamene ndinalowa pa seva ina yakutali kudzera pa SSH, njira yolowera pa kompyuta ina uli patali, cholinga chili chakuti ndikonze fayilo ya makonzedwe a pulogalamu imene imapereka masamba a webusaiti kwa anthu owafuna. Fayiloyo inali mu foda ya `/etc`, kumene makompyuta a Linux amasunga mafayilo ambiri a mtundu umenewu, ndipo ndinaitsegula ndi Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonzera mafayilo, monga ndinkachitira masiku onse. Nditangoyamba kulemba, pansi pa sikirini panathwanima chenjezo loyamba ndi W10, lonena kuti ndikusintha fayilo yongowerenga, koma maso anga anali pa mzere umene ndinkakonzawo, choncho sindinalilabadire. Ndinagwira ntchitoyo kwa mphindi pafupifupi 40, ndikusuntha zigawo, kufufuta zakale, ndi kulemba ndemanga pamwamba pa chigawo chilichonse kuti wodzabwera pambuyo panga asadzavutike kumvetsa zimene ndinachita.

Nditamaliza ndinadina Esc, n'kulemba `:wq`, lamulo limene limauza Vim kuti isunge kenako ituluke. M'malo mondibwezera ku terminal, zenera limene timalembamo malamulo a kompyuta, inandionetsa mzere wofiira wa E45, wonena kuti fayiloyo yatsegulidwa ngati yongowerenga, ndipo inandilangiza kuti ndiwonjezere mfuuliro ngati ndikufuna kukakamiza. Ndinamvera, ndinalemba `:wq!`, koma yankho linabwera lina, la E212, lakuti fayiloyo siingatsegulidwe kuti mulembedwe kanthu. Apa mtima unayamba kuthamanga. Ndinayesa `:q` yokha kuti ndingotuluka ndikaganize bwino ndili kunja, ndipo Vim inakananso ndi E37, kundikumbutsa kuti pali zosintha zimene sizinasungidwe. Kusunga kunali kosatheka, kutuluka kunali koletsedwa, tulo tinali titandigwira, ndipo zala zanga zinachita zimene zinazolowera: zinalemba `:q!` ndi kudina Enter. Terminal inabwerera bwinobwino, ili phee, ndipo ntchito ya mphindi 40 ija inali itapita yonse.

Kwa masiku angapo ndinkainena Vim ngati kuti ndiyo inandilakwira, koma ndikaganizira mofatsa ndimaona kuti pa mauthenga atatu aja panalibe ndi umodzi womwe wabodza kapena wosokoneza. Cholakwa changa chinali funso limene ndinadzifunsa. Ndinafunsa kuti ndituluka bwanji, pamene funso loyenera kuyamba nalo linali lakuti mawu amene ali pa sikiriniwa ndiwaika kuti. Funso loyambalo ndi lotchuka kwambiri, moti limene munthu wina anafunsa pa Stack Overflow, webusaiti ya mafunso a opanga mapulogalamu, mu 2012 la mmene angatulukire mu Vim linali litawerengedwa koposa miliyoni imodzi pofika mu Meyi 2017, ndipo yankho limene aliyense amaloweza ndi `:q!`. Yankholo ndi loona, koma ndi loyenera munthu amene walowa mu Vim mwangozi ndipo alibe chimene akufuna kusunga. Kwa munthu amene walemba kanthu kofunika, ndilo lamulo loopsa koposa onse.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kudziwa kuti zimene mumaona pa sikirini mukatsegula fayilo si fayiloyo ayi. Vim imawerenga fayilo kuchoka pa disiki, n'kukopera zam'katimo m'malo ake ogwirira ntchito otchedwa buffer, ndipo chilembo chilichonse chimene mwalemba kapena kufufuta chimasintha buffer imeneyi yokha. Fayilo yeniyeni imakhala osakhudzidwa mpaka mutalamula `:w`. Ndiye chifukwa chake n'zotheka kutsegula fayilo imene mulibe chilolezo cholembamo, n'kuisintha kwa ola lathunthu popanda chokuletsani, pakuti kuwerenga mwaloledwa ndipo buffer ndi yanu. Chilolezo cholemba chimafunsidwa pa nthawi yosunga. Zikatero, ntchito yanu yonse imakhala ili mu pulogalamu imene ikuyenda panthawiyo, ndipo kutseka pulogalamuyo mokakamiza n'chimodzimodzi kuiuza kuti simukuifunanso ntchitoyo.

Kaganizidwe aka ndi akale ndithu. Ken Thompson analemba pulogalamu yolembera ya ed pamene Unix, dongosolo loyendetsa kompyuta limene Linux inadzatsanzira, inkayambika ku Bell Labs, ndipo ed imene imapezeka pa makina a lero ikaona kuti mukufuna kutuluka musanasunge, imangokulemberani mfunsiro umodzi wokha, n'kudikira kuti mubwereze lamulolo ngati mwatsimikizadi. Bill Joy, ali wophunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, anayamba mu 1976 ntchito imene inabala mapulogalamu olembera a ex ndi vi, makolo a Vim, ndipo malamulo onse oyamba ndi madontho awiri amene timalemba pansi pa sikirini ndi cholowa cha ex. Terminal imene iye ankagwiritsa ntchito, makina a sikirini ndi kiyibodi otchedwa ADM-3A, inali ndi batani la Esc pafupi ndi pamene lero pali batani la Tab, kotero kulidina pafupipafupi sikunali kovuta monga kulili pa kiyibodi ya masiku ano pamene Esc inakankhidwira pakona. Vim, imene Bram Moolenaar anatulutsa koyamba mu 1991 pa kompyuta ya Amiga ndipo anaisamalira mpaka imfa yake mu Ogasiti 2023, inatengera zonsezi. Mfuuliro m'banja limeneli la mapulogalamu umatanthauza chinthu chimodzi, chakuti ndamva chenjezo lako koma chita zimene ndanena. Sumapatsa munthu mphamvu zimene alibe pa kompyutapo, ndipo ichi n'chimene sindinachimvetse usiku uja.

Ndisanapitirire, ndinene mwachidule za mitundu iwiri ya kutsekeredwa imene siikhudzana ndi kusunga, popeza anthu amaisokoneza ndi vuto lathuli. Woyamba ndi wa munthu amene akulemba `:q` koma zilembozo zikungolowa m'kati mwa fayilo, ndipo mankhwala ake ndi kudina Esc kaye kuti achoke mu gawo lolembera. Wachiwiri ndi wa munthu amene anazolowera mapulogalamu ena, ndiye wadina Ctrl ndi S kuti asunge, ndipo terminal yangouma gwa. Pa ma terminal ambiri mabatani awiriwa amaimitsa kuonetsa zinthu pa sikirini, ndipo Ctrl ndi Q imabwezeretsa zonse, kuphatikizapo zilembo zimene munthuyo anali kudina mwamantha pa nthawi imene ankaganiza kuti kompyuta yafa.

Tsopano pa vuto lenileni, chinthu choyamba chimene ndimachita masiku ano Vim ikakana kusunga, ndisanafufuze n'komwe chifukwa chake, ndi kulemba buffer ija kumalo ena amene ndikudziwa kuti ndili ndi chilolezo. Lamulo la `:w` limalandira dzina la fayilo ina, choncho `:w ~/zosunga.txt` limaika zonse mu foda yanga, ndipo `:w /tmp/zosunga.txt` limaziika mu foda ya zinthu zosakhalitsa imene aliyense amaloledwa kulembamo. Ndimakonda foda yanga kuposa `/tmp` chifukwa makina ambiri amasesa `/tmp` akayatsidwanso. Pali kanthu kena kamene kamadabwitsa anthu pamenepa, kakuti ngakhale mwasunga kumalo enawo, `:q` imakanabe ndi E37 yomwe ija, popeza Vim ikuwerengabe kuti fayilo yoyambirira siinalandire zosinthazo. Apa m'pamene `:q!` imakhala yopanda vuto, chifukwa zimene mukutayazo zili kale pa disiki m'dzina lina. Amene safuna kukanidwanso angathe kugwiritsa ntchito `:saveas` ndi dzina latsopanolo, lamulo limene limasamutsira buffer ku fayilo yatsopano kotheratu. Mzere umodzi wokha umenewu ukanapulumutsa mphindi zanga 40, ndipo kuulemba sikutenga ngakhale masekondi khumi.

Ntchito ikakhala pabwino, munthu amapeza mpata wowerenga uthenga uja mosathamanga, ndipo nambala imene ili kumayambiriro kwake imanena zambiri. Mungathenso kulemba `:help E212` kapena nambala ina iliyonse, Vim n'kukutsegulirani malongosoledwe ake. E45 ndi chitseko cha Vim yokha. Imabwera ngati munatsegula fayilo ndi `view` kapena `vim -R`, kapenanso ngati Vim inaona potsegula kuti fayiloyo ilibe chilolezo choti inu mulembemo, n'kudziikira yokha chizindikiro chakuti ndi yongowerenga. Chitseko chimenechi mfuuliro umachitsegula. E212 ndi nkhani ina, chifukwa imatanthauza kuti Vim yayesadi kutsegula fayiloyo kuti ilembe, koma Linux yeniyeniyo yakana, ndipo Linux siimva za mfuuliro.

Pali chinthu china chokhudza `:w!` chimene ndinachidziwa mochedwa, ndipo ndimaona kuti n'choyenera kuchifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chimatha kuwononga zinthu mwakachetechete. Ngati fayilo ndi yanu koma munaichotsera chilolezo cholemba, Vim imadzipatsa chilolezocho kwa kanthawi, n'kulemba, kenako n'kuchibwezera mmene chinalili, ndipo apa palibe cholakwika. Koma ngati fayilo ndi ya munthu wina, ndipo ili mu foda imene inu muli ndi chilolezo cholembamo, Vim imatha kufufuta fayiloyo n'kupanga ina ya dzina lomwelo. Izi zimatheka chifukwa pa Unix kufufuta fayilo kumadalira chilolezo cha foda, osati cha fayiloyo. Mukayang'ana pa sikirini zonse zimaoneka kuti zayenda bwino, koma mukalamula `ls -l` mupeza kuti mwini wa fayilo tsopano ndinu, ndipo pulogalamu ina imene inkadalira kuti fayiloyo ikhale ya mwini wake woyamba ikhoza kuyamba kulephera mawa lake popanda wodziwa chimene chasintha. Usiku uja zimenezi sizinandichitikire chifukwa foda ya `/etc` nayonso ndi ya root, akaunti ya woyang'anira wamkulu wa kompyutayo, choncho njira zonse ziwiri zinali zotseka, ndipo E212 inali yankho lolondola.

Ngati muli ndi ufulu wogwiritsa ntchito sudo pa makinawo, lamulo limene limayendetsa malamulo ena ndi mphamvu za root, pali njira yodziwika bwino yosungira osatuluka mu Vim, imene ndi `:w !sudo tee % > /dev/null`. Anthu ambiri amangoikopera osaimvetsa, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo mpaka tsiku limene ndinaiwala mpata wa pakati pa `w` ndi mfuuliro. Mpata umenewu ndiwo mwini nkhani, chifukwa `:w!` ndi kusunga mokakamiza, pamene `:w !` ndi kutumiza zam'buffer kwa pulogalamu ina ngati zoti iwerenge. Pulogalamu inayo pano ndi tee, imene ntchito yake ndi kulemba zimene yalandira mu fayilo komanso pa sikirini, ndipo chifukwa yayendetsedwa ndi sudo, imalemba ndi mphamvu za root. Chizindikiro cha `%` Vim imachisandutsa dzina la fayilo imene yatsegulidwa, ndipo mbali yomalizayo imangotaya zimene tee ikanathira pa sikirini. Mukalemba pasiwedi yanu, Vim imazindikira kuti fayilo ya pa disiki yasinthidwa ndi wina wakunja, n'kukuchenjezani ndi W12, ndipo mukadina L imawerenganso fayiloyo, zonse n'kugwirizana. Ogwiritsa ntchito Neovim, pulogalamu ina yochokera ku Vim, adziwe kuti njirayi imawakanika pamene sudo ikufuna pasiwedi, chifukwa Neovim siipatsa malamulo akunja terminal yoti munthu alembepo yankho.

Ngakhale njira imeneyi ndi yothandiza, ine ndimaiona ngati yopulumukira basi, osati yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Ndikadziwiratu kuti fayilo ndi ya root, ndimaitsegula ndi `sudoedit`, imene ndi yofanana ndi `sudo -e`. Lamuloli limakopera fayilo kumalo osakhalitsa, n'kutsegula kopeyo ndi pulogalamu yanu yolembera m'dzina lanu ndi makonzedwe anu, ndipo mukatuluka limabwezera zosinthazo pamalo pake. Ndimaliona kuti ndi labwino kuposa `sudo vim`, chifukwa Vim imene ikuyenda ngati root imatha kuyendetsa lamulo lililonse ngati root kudzera pa `:!`, ndipo munthu wotopa sayenera kukhala ndi mphamvu zotere kwa mphindi 40 pamene akungofuna kusintha mizere ingapo. Pa fayilo ya `/etc/sudoers` pokha, imene imanena amene aloledwa kugwiritsa ntchito sudo, pali lamulo lakelake la `visudo`, limene limaunika kalembedwe musanasunge, popeza kulakwitsa chilembo chimodzi mmenemo kungathe kukulandani sudo yomwe mukanakonzera cholakwacho.

Kwa kanthawi ndinkaganiza kuti nkhani yonse yathera pa chilolezo, mpaka tsiku lina pamene ndinkakonza kapulogalamu kanga ka shell, pulogalamu imene imalandira malamulo pa terminal, mu foda yangayanga, pa seva ina, fayilo ili yanga ndipo chilolezo chili chokwanira. Nditalamula `:w` panatuluka E514, uthenga wa kulephera kulemba umene umafunsa ngati disiki yadzaza, ndipo pansi pake panali mizere iwiri imene sindinaionepo chiyambire, yochenjeza kuti fayilo yoyambirira mwina yatayika kapena yawonongeka, ndiponso kuti ndisatuluke mpaka fayiloyo italembedwa bwinobwino. Chenjezo ili ndi lolemera kuposa onse aja, chifukwa pa E45 ndi E212 fayilo ya pa disiki imakhala ili yonse monga inalili, pamene pano kulemba kunayamba n'kulekezera panjira. Vim imayesetsa kupanga kope la fayilo yakale isanalembe, n'cholinga choti ibwezeretse zikavuta, koma pa disiki yodzaza ngakhale zimenezo sizodalirika. Mwa mawu ena, panthawi imeneyo buffer ikhoza kukhala malo okhawo amene muli fayilo yanu yathunthu, yakale ndi yatsopano yomwe, ndipo `:q!` ikanandisiya ndili chimanjamanja kuposa ulendo woyamba uja.

Ndinayesa `:w /tmp/zosunga.sh` monga mwa chizolowezi changa chatsopano, koma inalepheranso, chifukwa pa seva imeneyo `/tmp` inali pa chigawo chomwecho cha disiki chimene chinadzazacho. Chimene chinandipulumutsa ndi `/dev/shm`, foda imene pa Linux imakhala mu RAM osati pa disiki, ndipo `:w /dev/shm/zosunga.sh` inatheka nthawi yomweyo. Zinthu za mmenemo zimatha makina akazimitsidwa, koma ine ndinkangofuna pogwira kwa mphindi zochepa. Kenako ndinadina Ctrl ndi Z, mabatani amene amaimitsa Vim kwa kanthawi n'kukubwezerani ku shell osaitseka, ndipo ndimadabwa kuti anthu ambiri saidziwa njira imeneyi, chikhalirecho ndiyo yankho lenileni kwa munthu amene akufuna kutuluka kuti akaone chimene chavuta. Lamulo la `df -h`, loonera malo otsala pa disiki, linaonetsa kuti chigawocho chafika pa 100%, ndipo nditafufuza ndi `du`, imene imaonetsa kukula kwa mafayilo, ndinapeza fayilo imodzi ya mu `/var/log` imene inatupa chifukwa pulogalamu ina inkabwereza uthenga umodzimodzi wa vuto usiku wonse.

Apa ndinaphunziraponso zinthu ziwiri zimene ndizinene mwapatalipatali. Choyamba n'chakuti ext4, njira imene makina ambiri a Linux amasanjira mafayilo pa disiki, ikapangidwa ndi makonzedwe ake a masiku onse, imasungira root 5% ya malo, choncho munthu wamba amayamba kukanidwa pamene mapulogalamu a root akulembabe, ndipo seva imaoneka yamoyo ndithu pamene inu simungasunge ngakhale mzere umodzi. Chachiwiri n'chakuti kufufuta fayilo imene pulogalamu ina yaitsegula sikubweza malo mpaka pulogalamuyo itaitseka, ndiye munthu amatha kufufuta chifayilo chachikulu n'kupeza `df` ikunenabe kuti disiki ndi yodzaza. Ine ndinakhuthula zam'kati mwa fayiloyo m'malo moifufuta, nditakoperako mizere yomalizira kuti tidzaone chimene chinkavuta, kenako ndinalemba `fg` kubwerera mu Vim, kumene mawu anga onse anali kundidikira, ndipo `:w` inayenda popanda chovuta.

Palinso zifukwa zina zimene sudo siingathandize. Nthawi zina `df -h` imaonetsa kuti malo alipo koma mafayilo atsopano akukanika, ndipo `df -i` ndiyo imaulula kuti ma inode, timalo tosungamo mbiri ya fayilo iliyonse, atha chifukwa cha kuchuluka kwa timafayilo ting'onoting'ono. Fayilo imene inaikidwa chizindikiro ndi `chattr +i` imakana aliyense, ngakhale root, mpaka chizindikirocho chitachotsedwa, ndipo `lsattr` ndiyo imachionetsa. Choopsa kwambiri ndi pamene Linux yaona zolakwika pa disiki n'kusandutsa chigawo chonse kukhala chongowerenga pofuna kuteteza zimene zatsala. Zikatero `dmesg`, imene imaonetsa mauthenga a Linux yeniyeniyo, imakhala ndi mbiri yake, ndipo nzeru si kukakamiza kulemba pa disiki imene mwina ikufa, koma kutulutsa mawu anu kupita ku makina ena, ngakhale pochita kuwakopera kuchoka pa sikirini ya terminal kupita pa kompyuta imene mwakhalapoyo. Njira imeneyi siioneka ya ukatswiri, koma ndaigwiritsapo ntchito ndipo sindinachite nayo manyazi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbukira usiku woyamba uja ndi nkhani ya fayilo ya swap. Pamene mukulemba, Vim imasunga zosintha zanu mu fayilo yobisika imene dzina lake limayamba ndi dontho n'kuthera ndi `.swp`, ndipo pa makonzedwe ake a masiku onse imaikonzanso mukalemba zilembo 200 kapena mukakhala masekondi 4 osadina kanthu. Imayamba yayesa kuiika mu foda yomwe muli fayilo yanu, ndipo ikakanika, monga zimakhalira mu `/etc`, imayesa `~/tmp`, `/var/tmp` ndi `/tmp`. Intaneti ikaduka pakati pa ntchito, kapena magetsi akazima, fayilo imeneyi imatsala, ndipo `vim -r` ndi dzina la fayilo yanu imabweza pafupifupi zonse. Koma mukatuluka ndi `:q!`, Vim imamva kuti mwataya zosinthazo mwadala, choncho imafufutanso swap ija. Tanthauzo lake n'lakuti ndikanangotseka zenera la terminal mwaukali, kapena ndikanazula waya wa intaneti, ntchito yanga ikanapulumuka, ndipo inatayika chifukwa ndinatuluka mwaulemu, potsatira lamulo loyenera. Sindikulangiza aliyense kuti azidalira kuzula mawaya, koma mfundo imeneyi inandisekesa pamene ndinaidziwa, ngakhale kuti kunali kuseka kowawa. Amene wabweza ntchito yake ndi `vim -r` akumbukire kusunga kenako n'kufufuta swap yakaleyo, apo ayi azilandiridwa ndi chenjezo la E325 nthawi iliyonse akatsegula fayiloyo.

Mapulogalamu ena olembera pa terminal ali ndi vuto lomweli, kungoti amalionetsa mofatsa. Mu nano, imene Chris Allegretta anayamba mu 1999 potsanzira Pico, mabatani ofunika amalembedwa pansi pa sikirini, ndipo mukadina Ctrl ndi X imakufunsani ngati mukufuna kusunga. Mukavomera koma chilolezo palibe, imakuuzani kuti kulemba kwakanidwa n'kukusiyani m'katimo, ndipo ambiri apa amadinanso Ctrl ndi X n'kuyankha N, kumene kuli kutaya ntchito chimodzimodzi ndi `:q!`. Chimene amaiwala n'chakuti pa mzere umene nano imaonetsa dzina la fayilo, dzinalo lingathe kufufutidwa n'kulembapo lina la mu foda yawo. Mu Emacs kutuluka ndi Ctrl ndi X kenako Ctrl ndi C, ndipo kusunga m'dzina lina ndi Ctrl ndi X kenako Ctrl ndi W.

Ndiyenera kuvomereza kuti pali nthawi zimene kutuluka osasunga ndiko koyenera, ndipo ngakhale pamenepo `:q!` siikhala yokwanira nthawi zonse. Mapulogalamu monga git, yosunga mbiri ya zosintha za mafayilo, ndi `crontab -e`, yokonzera ntchito zoti ziziyenda zokha pa nthawi yake, amakutsegulirani Vim kuti mulembe kanthu, n'kudikira kuti muitseke. Ngati mwalamula `git commit --amend`, lokonzanso zimene munasunga komaliza mu git, kenako n'kusintha maganizo, kutuluka ndi `:q!` kumauza git kuti zonse zatha bwino, ndipo imapitiriza ntchito yake ndi uthenga wakale umene unali kale mu fayilo. Lamulo la `:cq` limatuluka osasunga komanso limabweza nambala yosonyeza kulephera, ndipo git ikaona nambala imeneyo imaleka. Ngati mwatsegula mafayilo angapo ndipo Vim ikukubwezani pa imodzi ndi imodzi, `:qa!` imatseka onse pakamodzi, koma ine ndimayamba ndalemba `:ls` kuti ndione amene ali ndi chizindikiro cha `+`, chimene chimasonyeza zosintha zosasungidwa.

Miyezi ingapo yapitayo mnyamata wina amene tinkagwira naye ntchito, wongoyamba kumene, anandiimbira foni madzulo mawu ake akumveka kuti wasokonezeka. Anati, "Achimwene, Vim yanditsekera, ikukana kusunga ndipo ikukananso kutuluka. Ndilembe q ndi mfuuliro uja?" Ndinamuuza kuti achotse kaye manja pa kiyibodi, andiwerengere uthenga wonse monga walembedwera. Unali E212. Ndinamufunsa ngati fayiloyo ndi ya root, iye anati ayi, ndi yatsopano, akuipanga mu foda yake. Ndinamuuza kuti alembe `:w ~/zosunga.txt` kaye, ndipo zitatheka ndinamupempha kuti andiwerengere njira yonse ya fayilo imene anatsegula poyamba. Atawerenga ndinamva dzina la foda imene sindinkaidziwa, ndipo nditamufunsa ngati anaipanga kale, kunali zii kwa kanthawi, kenako anaseka. Vim imalola kutsegula fayilo yatsopano mu foda imene kulibe, koma siipanga fodayo posunga. Ndinamulembetsa `:!mkdir -p %:h`, lamulo limene limatenga mbali ya foda pa dzina la fayilo n'kuipanga pamodzi ndi mafoda onse osowa pamwamba pake, ndipo atadina Enter kawiri analemba `:w`. Anandiwerengera zimene zinatuluka pansi pa sikirini, dzina la fayilo, chiwerengero cha mizere ndi mawu akuti yalembedwa, kenako anafunsa ngati tsopano angatuluke. Ndinamuuza kuti `:q` yokha ikwana, ndiponso kuti asaiwale kufufuta `zosunga.txt` ija, ngakhale kuti mu foda yanga muli mafayilo a dzina lomwelo angapo amene sindinawafufutebe.